Paipi ya a malume ndi mzere wowongoka

Kumtunda kwa mudzi wathu, m'tsinde mwa phiri la Mulanje cha ku Likhubula, kuli kakhwawa komwe sikaphwa ngakhale mu Okutobala, pamene zitsime zina zimayamba kutulutsa matope. A malume akhala akukaponyera diso kwa zaka zambiri. Iwo ndi pulambala, ndipo imvi zawamerera ali m'ngalande za mapaipi aja otsitsa madzi kuchokera m'phiri kupita ku mipopi ya m'midzi popanda pampu kapena injini. Namondwe wa Freddy atazula mapaipi mu Malichi 2023, anatha milungu ingapo akubwera kunyumba usiku matope ali m'maondo, akulumikiza zomwe madzi anadula.

Chaka chatha anapita ku Bondo, komwe madzi a mtsinje wa Lichenya amazunguza makina n'kuyatsa magetsi m'nyumba za anthu akumudzi. Atabwerako anandipeza pakhonde ndikuchonga makope a ana asukulu. Anakoka mpando, n'kukhala, n'kuti, "Mphwanga, sukulu yako ija tiione ntchito yake tsopano."

Zomwe ankafuna sizinali zazikulu: mababu anayi kapena asanu, potchajira mafoni, ndi wailesi. Paipi anali nayo kale, ya mamilimita 50, yotalika pafupifupi mamita 160. Kuchokera pomwe angatchingire madzi kukafika pomwe angaike gudumu lozunguza jenereta, malo amatsika mamita 30. Funso linali limodzi. Kabowo ka kumapeto kwa paipi, komwe madzi amatulukira n'kumenya gudumu, kakule bwanji? Kakachepa, madzi amatuluka ndi ukali koma ndi ochepa. Kakakula, amachuluka koma amafika ali lefu, mphamvu yawo itathera m'njira pokhulana ndi khoma la paipi. Poyenera pali penapake pakati.

Munthu amene anaphunzirako calculus akamva kuti poyenera pali pakati, amadziwa kuti afunika derivative. Kwa amene mawuwa ndi achilendo, ganizirani ulendo wokwera phiri. Pamalo otsetsereka kwambiri, phazi limodzi kutsogolo limakukwezani kwambiri. Pachidikha, phazi lomwelo silikukwezani. Derivative ndi nambala yonena kuti mukasuntha chinthu chimodzi pang'ono, chinzake chisuntha mochuluka bwanji. Pansonga penipeni nambalayo ndi 0, chifukwa kukwera kwatha ndipo kutsika sikunayambe. Ndiye ntchito yanga inali kulemba mphamvu ya madzi ngati masamu, kutenga derivative yake, n'kufunsa kuti ikhala 0 pati.

Ndinatsegula laputopu n'kuitana SymPy. Iyi ndi pulogalamu yaulere ya m'chinenero cha Python, yomwe Ondřej Čertík anaiyamba mu 2005. Kusiyana kwake ndi kakyuleta n'kwakuti imagwira ntchito ndi zilembo. Mukaipatsa x**2, kutanthauza x kuchulukitsa ndi x, n'kuipempha derivative imakubwezerani 2*x, osafunsa kuti x ndi zingati. Alipo mapulogalamu ena amphamvu, Mathematica ya Stephen Wolfram yomwe inatuluka mu 1988 ndi Maple ya ku yunivesite ya Waterloo ku Canada, koma amenewo ngogula, ndipo pa malipiro a mphunzitsi nkhaniyo imathera pomwepo. SymPy ukangoiika siifunanso bandulo ya intaneti.

Masamu ake oyamba ndi afupi. Mphamvu ya madzi m'mawati ndi 9.81 × Q × (H − h). Q ndi malita otuluka pa sekondi, H ndi kutsika kwa malo, mamita 30 aja, ndipo h ndi mamita otayika m'paipi. Vuto lili pa h. Sindinkadziwa maonekedwe ake, ndinkangodziwa kuti amadalira Q. SymPy imalola zimenezo: umalemba h = Function('h') ndipo imamutenga ngati mlendo wosadziwika dzina, koma n'kumusungira malo. Koma ine ndinkafuna yankho m'mamilimita a kabowo. Madzi otuluka amadalira kabowo ndi pulesha yomwe yatsala, pulesha yotsalayo imadalira h, ndipo h amadaliranso madzi otuluka. Chingwe chinazungulira n'kudzimanga chokha. Nditapempha derivative yoyamba, kenako yachiwiri yotsimikizira kuti ndapeza nsonga osati dzenje, sikirini inadzaza mawu akuti Derivative ndi Subs, mabulaketi m'kati mwa mabulaketi, mpaka ndinasiya kutsatira kuti lotsegula ili likutsekedwa pati.

Apa m'pamene ganizo linandifikira, ndipo ndikudziwa kuti limafikira aliyense wogwiritsa ntchito mapulogalamu awa: bwanji ndingoiuza kuti h ndi linear? Function, ndiye kuti chinthu chodalira china monga momwe h amadalira Q, ikakhala mzere wowongoka, derivative yake yoyamba ndi nambala imodzi yosasintha, yachiwiri ndi 0, ndipo theka la zodzaza sikirini limangosowa.

SymPy ilibe batani lotero. Ili ndi zomwe imatcha assumptions, monga positive=True, real=True, integer=True, koma zimenezi zimanena za mtundu wa nambala. Mwachitsanzo sqrt(x**2) imasanduka x pokhapokha mutailonjeza kuti x sapita pansi pa 0. Mukangoti ndi real, imakupatsani Abs(x). Za kuwongoka kwa function muyenera kulemba nokha. Mumachotsa h(Q) ndi subs, n'kuikapo a*Q + b, kenako n'kuitana doit() kuti imalize ma derivative omwe inawasiya ali chiimire. Usiku umenewo ndinaona ngati pulogalamuyo ikundivutitsa chabe. Panopa ndimaiyamikira, chifukwa imakukakamiza kuyang'ana b uja n'kusankha ngati alipo kapena palibe.

Ndiime pang'ono pa b ameneyu, poti mawu akuti linear ali ndi matanthauzo awiri ndipo ambiri timawasakaniza. Ku sekondale timaphunzitsa y = mx + c n'kuitcha linear chifukwa girafu yake ndi mzere wowongoka. Akatswiri a algebra akati linear amatanthauza chinthu chokhwima kuposa pamenepo: f(x + y) ikhale f(x) + f(y), ndipo ukachulukitsa x kawiri yankho lichuluke kawiri. Zimenezi zimatheka pokhapokha c ali 0, mzere ukudutsa pa mphambano ya girafu. Maxima, pulogalamu ina yaulere yochokera ku Macsyma ya ku MIT ya mu 1968, yomwe William Schelter anaisamalira mpaka imfa yake mu 2001, ili nalo lamulo lomwe ndinkalisaka: declare(h, linear). Koma linear wa Maxima ndi wachiwiriyu. Ikaona h(2*x + y) imamwaza kukhala 2*h(x) + h(y). Ngati chomwe mumafuna chinali kungoti kutsetsereka kwa h sikusintha, lamulo lake ndi lina, gradef, lomwe limakulolani kunena nokha kuti derivative ya h ndi a.

Tiyi wa kwathu kuno amaonetsa bwino kusiyanaku. Kafukufuku wa tiyi wochitikira ku Mimosa, konkuno ku Mulanje, anasonyeza kalekale kuti nsonga za tiyi zimayamba kukula kutentha kukadutsa madigiri apakati pa 12 ndi 13, ndipo kuchokera pamenepo liwiro la kukula limakwera motsata mzere wowongoka ndithu kwa madigiri angapo. Aliyense wothyola tiyi ku Thyolo kapena kuno amadziwa izi ndi manja ake: mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta minda, dengu limachedwa kudzaza. Mzerewo ndi wowongoka, koma suyambira pa 0. Mukauza Maxima kuti kukula kwa tiyi ndi linear, idzakhulupirira kuti pa madigiri 20 tiyi amakula kawiri kuposa pa madigiri 10. Chonsecho pa madigiri 10 tiyi wangokhala duu. Pulogalamuyo siidzadandaula, siidzalemba chenjezo lofiira. Idzapitiriza kuwerengera bwinobwino pa maziko omwe mwaipatsa.

Kwa paipi yathu b analidi 0, poti madzi akaima palibe chotayika. Pamenepo sindinalakwe. Ndinalemba h = a*Q, ndipo a ndinamutenga pa muyeso umodzi womwe a malume anali atapanga kale ndi geji yawo: ndowa ya malita 20 ikamadzaza m'masekondi 20, ndiye kuti lita imodzi pa sekondi, muvi wa geji umatsika kuchoka pa 3.0 bar kufika pa 2.8. Bar imodzi ndi pafupifupi mamita 10 a madzi, choncho tinkataya mamita 2. Ndinaika a = 2, n'kudina.

Sikirini inayera. Yankho linatuluka laukhondo, lokoma m'maso: mphamvu imafika pansonga pamene theka la kutsika kwa malo latayika m'paipi. Mamita 15 atayike, 15 atsale, madzi atuluke malita 7.5 pa sekondi, mphamvu ya madzi ikhale mawati pafupifupi 1,100, kabowo kakhale ka mamilimita 24. Ndinagona ndikuganiza kale za firiji.

M'mawa ndinawapeza akunola khasu kuseri kwa nyumba.

"Malume, ndapeza. Tiboole mamilimita 24. Madzi azituluka malita asanu ndi awiri ndi theka pa sekondi iliyonse."

Anaika khasu pansi. "Ndiye kuti ndowa ija izidzaza m'masekondi osakwana atatu?"

"Eya, malinga ndi masamu."

"Paipi imeneyi, mphwanga, ngakhale utaidula kumapeto n'kuisiya kukamwa kuli yasa, singakupatse madzi amenewo. Madzi m'paipi ali ngati anthu pakhomo la basi. Akakhala awiri amalowa mwaulemu. Akakhala makumi awiri, aliyense amatsekereza mnzake. Kuvutikako sikuwonjezeka mofanana ndi anthuwo, kumaposa."

Sanakweze mawu, sanandinyoze. Anangotenga geji, sipanala ndi ndowa, n'kuti tiyeni.

Tinakwera m'mawa womwewo, udzu ukadali ndi mame. Iwo anagwira valavu, ine ndinagwira foni yowerengera masekondi. Tinabwereza muyeso woyamba ndipo unatuluka chimodzimodzi, masekondi 20, geji pa 2.8. Kenako anatsegula pang'onopang'ono mpaka ndowa inayamba kudzaza m'masekondi 10. Malinga ndi mzere wanga, madzi akachuluka kawiri kutaya kuchulukenso kawiri, mamita 4, geji iime pa 2.6. Muvi unadutsa 2.6 osaima, unadutsa 2.5, n'kukanjenjemera pa 2.3. Tinkataya mamita 7. Atatsegula valavu yonse, muvi unagwa mpaka pansi, ndipo ndowa sinadzaze m'masekondi atatu. Inatenga pafupifupi asanu.

Chomwe chinandigwira mtima pobwerera n'chakuti kompyuta sinalakwitse kalikonse. Derivative iliyonse inali yolondola. Ine ndinali ndi madontho awiri okha pa girafu, la madzi oima ndi la lita imodzi, ndipo madontho awiri alionse padziko pano amalumikizika ndi mzere wowongoka. Madontho awiri sangakuuze ngati njira ikukhota. Pafunika lachitatu, ndipo lachitatulo linali pa mtunda wa mphindi makumi awiri kuchokera pakhonde panga.

Madzulo ndinabwerera ku sikirini yodzaza ija, ndipo ulendo uno m'malo mofafaniza ndinasintha funso. Ndinasiya kabowo pambali n'kufunsa za Q yekha, h akadali mlendo wosadziwika. Yankho linali mzere umodzi: nsonga ili pamene H − h = Q × h′, h′ kukhala derivative ya h. Chisokonezo chonse chija chinabwera chifukwa ndinafunsa zinthu zitatu pakamodzi. Mankhwala ake anali kusankha bwino chilembo chotengera derivative, ndipo kuwongola h sikunafunike n'komwe. Kenako ndinalemba h = k*Qn, n kumusiya chilembo. SymPy inabweza chinthu chomwe mpaka lero ndimachikonda: kutaya koyenera ndi H/(n + 1). Pamene n ali 1, mzere wowongoka uja, yankho ndi theka. Pamene n ali 2, yankho ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, lomwe ndi lamulo lodziwika m'mabuku a uinjiniya wa madzi. Chiganizo changa chonse cha linear chinali chitabisala mu n ameneyu, ndipo tsopano chinali poyera, pomwe munthu angachiloze ndi chala n'kuchitsutsa.

Nanga n weniweni ndi zingati? Lamulo la Darcy ndi Weisbach limati kutaya kumatsata liwiro la madzi lochulukitsidwa ndi lokha, n pafupi ndi 2. La Hazen ndi Williams, lomwe okonza mapaipi a madzi akumwa amaligwiritsa ntchito kwambiri, limaika 1.852. Miyeso yathu iwiri, mamita 2 ndi mamita 7, imapereka pafupifupi 1.8. Ndi nambala imeneyi nsonga inagwera pa malita pafupifupi 2.5 pa sekondi, kutaya mamita 10 ndi kanthu, mphamvu ya madzi yosapitirira mawati 480, jenereta isanadyepo gawo lake. Tikanaboola mamilimita 24, madzi akanatuluka ambiri koma otsala ndi mamita 3 kapena 4 okha a mphamvu, ndipo gudumu likanapeza zosakwana theka la zomwe paipiyo ingathe.

Komatu mzere wowongoka sunali bodza lenileni, ndipo izi ndikufuna ophunzira a yunivesite ya ku Ndata ndi ana anga a m'kalasi azimve. Madzi akamayenda pang'onopang'ono kwambiri, mosalala ngati uchi, kutaya kumatsatadi Q molunjika. Limeneli ndi lamulo la Hagen ndi Poiseuille. Osborne Reynolds anasonyeza mu 1883, pothira utoto m'madzi oyenda m'paipi yagalasi, kuti pali malire pomwe kuyenda kosalalako kumasweka n'kukhala chipwirikiti. Malirewo amayezedwa ndi nambala yotchedwa dzina lake, ndipo ali cha m'ma 2,000. Nditawerengera paipi ya a malume, pa lita imodzi pa sekondi nambalayo inali kale pafupi ndi 29,000. Kuti mzere wanga ukhale woona, ndowa inayenera kumadzaza m'mphindi zisanu kapena kuposa. Mzerewo unali ndi kwawo, koma ine ndinaunyamula kupita nawo kutali komwe sukudziwika.

Ngakhale m'chipwirikitimo, mzere wowongoka umagwira ntchito ukaugwiritsa pafupi. Ndiwo mtima wa calculus: njira yokhota iliyonse yosalala, ukaiyang'ana kachigawo kakang'ono, imaoneka yowongoka. Brook Taylor anasindikiza njira yake mu 1715, ndipo mu SymPy imapezeka ndi lamulo la series. Ubwino wa series ndi wakuti kumapeto imasiya kachizindikiro O, kokukumbutsa kuti pali zotsala zomwe sinalembe, ndipo kuti kachoke uyenera kuitana removeO() ndi dzanja lako. Ana a physics amachita zofananazo akamati sin θ ndi θ pa pendulum, θ ikayezedwa m'ma radian. Pa madigiri 10 kulakwa kwake ndi pafupifupi theka la peresenti. Pa madigiri 30 kwayandikira 5 peresenti. Palibe amene angaletse chidule chimenechi, chifukwa popanda icho masamu ambiri a uinjiniya sangatheke pamanja. Chomwe ndimapempha ana anga tsopano n'chakuti akalemba kuti chinthu ndi linear, alembe pambali pake kuti kuyambira pati mpaka pati, ndiponso kuti mzerewo ukudutsa pa 0 kapena ayi.

Ife a m'tsinde mwa phiri tinayenera kukhala oyamba kukayikira mizere yowongoka. Phirili limamwa mvula tsiku loyamba, lachiwiri, mitsinje n'kumangokwera pang'onopang'ono, munthu n'kumati ndikudziwa momwe zikuyendera. Kenako dothi limakhuta, ndipo ola limodzi lowonjezera limagwetsa napolo. Anthu a ku Phalombe anaziona mu Malichi 1991, ndipo tonse tinazionanso nthawi ya Freddy. Sindikuyerekeza kabowo ka paipi ndi maliro amenewo. Ndikungonena kuti munthu wokulira kuno amadziwa m'thupi mwake kuti za dzulo ndi za lero sizikwanira kulosera za mawa, ndipo n'zodabwitsa kuti chidziwitso chimenechi chimatha kutsala pakhomo tikakhala pa kompyuta.

Pomaliza sitinaboole ngakhale pa nsonga yeniyeniyo. Nditawaonetsa a malume girafu yatsopano, yokwera, yofika pachidikha, kenako yotsika, anaika chala pamwamba pake n'kufunsa chifukwa chake pali pafulati. Ndinawafotokozera kuti ndilo tanthauzo la derivative kukhala 0: pafupi ndi nsonga, ukabwerera m'mbuyo pang'ono sutaya zambiri. Pa malita 2 pa sekondi, pomwe tinayeza ndi manja athu, mphamvu ndi 9.81 × 2 × 23, mawati pafupifupi 450. Kusiyana ndi pansonga n'kochepa, koma madzi opulumuka ndi theka la lita pa sekondi iliyonse.

Anakhala chete pang'ono, akuyang'ana kumunsi komwe kakhwawa kamadutsa m'madimba a anthu. "Theka la lita limenelo mu Okutobala ndi la amayi a kumunsiku ndi mpiru wawo," anatero. "Nanga pa malita awiri kabowo kakhala bwanji?"

Ndinawerengera: madzi otsala ndi mamita 23 amatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 21 pa sekondi, ndipo kuti adutse malita 2 pafunika bowo la mamilimita 11.

Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chitini chawo chakale cha zoboolera. Anazikhuthulira pamphasa n'kuyamba kuzitembenuza chimodzichimodzi, akupukuta dzimbiri ndi chala chachikulu kuti aone nambala. Cha 11 chinalipo. Anachiika m'thumba la malaya, n'kundiuza kuti Loweruka ndidzuke msanga ndipo ndisaiwale ndowa.